Nkhope ya Atate Pansalu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndili Giredi 11 ku Chipata, pamene aphunzitsi athu a zojambula, a Mwale, anatiphunzitsa kudinda zithunzi ndi sefa. Tinkakhomera nsalu yopyapyala ya katani pathabwa la ngodya zinayi, kumatapo pulasitiki yomwe tadulapo chithunzi, kenako kukoka penti pamwamba pake ndi labala ya patapata wakale.

Chaka chimenecho abale anagwirizana zokavundukula chiliza cha malemu atate kumudzi, kufupi ndi Tamanda. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, chapachitupa. Ine ndi kamwa langa losachedwa kulonjeza ndinauza amayi kuti ndidinda nkhope ya atate pansalu zoti azimayi onse apabanja adzavale.

Ndinayesa papepala, inatuluka. Pathumba la feteleza penti inakana, inkangomatuka ngati nkhanambo. Pa malaya anga akale inakhala bwino kwambiri, mpaka ndevu za atate zinkaoneka. A Mwale anati, "Chinthu chilichonse chimalandira penti mwamtundu wake. Dinda, chapa, ukatero ndiye udzitame." Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinali nditadzitama kale.

Amayi atagula mpukutu wa nsalu yoyera, yolimba ndi sitachi, ndinadinda yawo poyamba. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akusisita chipumi cha atate ndi chala. Mawa lake ataivala inadetsedwa ndi fumbi la kukomboni kwathu ku Nabvutika, ndipo anaiviika m'beseni. Madzi anada bii. Atainyamula, panangotsala maso awiri otuwa.

"Mwanawe, atate ako achokanso," anatero amayi motsitsa mawu. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama.

Kunatsala masabata awiri kuti tsiku la chiliza lifike. Ndinadula tizidutswa ta nsaluyo n'kuyamba kuyesa, kena kochapa kale, kena kosachapa, kena kosita, kena ayi. Zala zinada, khonde lonse linkanunkha penti. Tsiku lachinayi ndinapeza chinsinsi: nsalu yatsopano iyenera kuchapidwa kaye kuti sitachi ichoke, ndipo penti ikauma uisite ndi simbi yotentha kwambiri.

Vuto linatsala kwa azakhali anga, a Tisauke, alongo awo a atate. "Kuchapa nsalu isanavalidwe? Ukufuna anthu akumudzi akanene kuti tavala za salaula, zovala kale ena, pa chiliza cha mlongo wanga?"

Sindinakangane nawo. Ndinatenga tizidutswa tiwiri todinda, beseni ndi sopo, n'kuwapempha kuti achape okha. Anafikisa mwaukali ngati akufuna kundigonjetsa. Pa kachidutswa kosachapa nkhope inasungunuka, koma pa kochapa ndi kusita kaja mlongo wawo anangowayang'anabe. Kenako anati, "Bweretsa mpukutu wonse, ndichapa ndine."

Tsiku la chiliza nsalu zathu zinalibe kuwala kwa zam'sitolo, ndipo ena ananong'onezanadi. Ine ndinalibe nazo kanthu.

Lero ndimadinda pa zikwama, pa mabokosi ndi pa zikopa, koma sindipereka ntchito kwa munthu ndisanaiyese m'madzi. Ndinazindikira kuti kukongola kwa tsiku loyamba sikunena chilichonse. Amayi akadali nayo nsalu yawo yomwe anavala pa chiliza. Yachapidwa kosawerengeka, m'mphepete yatha kung'ambika, koma atate sanachokepo.