Thumba Loyera pa Njinga ya Ba Mulenga

Fungo la guluu womatira chubu likandipeza, ngakhale ndikungodutsa pa okonza njinga m'mbali mwa msewu, ndimabwerera ku Kabwata, pakhonde pathu, ndili ndi zaka khumi. Ndimaona utsi wa mbaula ukukwawa pansi pa waya woyanikapo zovala, njinga yakuda itagonekedwa chagada matayala ali m'mwamba, ndi agogo anga aamuna, a Jere, atakhala pa chitini cha penti akumiza chubu m'beseni la madzi. Ntchito yanga inali kuyang'ana thovu. "Ene, ika chala pamene ichokela mphepo," ankatero, ine n'kuika chala, iwo n'kutsatira chala changacho ndi chawo. Ndinkayesa akundiphunzitsa ntchito. Sindinadzifunsepo kuti munthu amene wakalambira pa njinga angafunirenji mwana womuonetsa pamene chubu chabooka.

Agogo ankasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Kabulonga, ndipo ankapita ku ntchito ndi anzawo atatu ogwira ntchito kumayadi komweko. Dzuwa likangotuluka, amayi akupemerera moto wa tiyi, belu linkalira pageti. Anali Ba Mulenga, Mbemba wamtali wochokera ku Kasama, amene ankalankhula mokuwa ngati kuti aliyense ali kutsidya kwa msewu.

"Shani, ba Jere! Mwasiliza kudya mbeba zanu, tiyende?"

"Tasiliza, ba Mulenga. Nanga imwe, nyani wa mailo anakwana banja yonse?"

Ndi mmene Mngoni ndi Mbemba amapatsirana moni, ndipo tsiku limene sananyozane tinkadziwa kuti wina wadwala. Akatero ankandandalika mumzere umene sunkasintha. Ba Mulenga patsogolo, pa keliya yawo atamangapo thumba loyera la ufa lopindidwa bwino, limene ankalichapa Lamlungu lililonse ngakhale munalibe kanthu. Agogo ankatsatira pafupi kwambiri, tayala lawo lili pafupi kununkhiza la mnzawo, kenako ena awiri aja kumbuyo. Belu la Ba Mulenga silinkapuma. Likalira kamodzi ndiye kuti pali hampu, kachitunda kochepetsa liwiro, kawiri ndiye imani, kambirimbiri motsatizana ndiye tiyeni. Agogo nawo ankakuwa msewu wonse mpaka ine kuchita manyazi: "Chimotoka kumbuyo, ba Mulenga! Kumanzele!"

Ife ana tinkawatcha abakha. Tikachoka kusukulu tinkapanga mzere wathu, kugwedeza matako n'kuliza belu pakamwa, ndipo katswiri wa beluyo ndinali ine. Pakamwa panga panali pakuthwa kuyambira kale, ndipo sindinganame kuti pano panabuntha.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, amayi, amene ankagulitsa kapenta ndi nyemba ku City Market, anasiya mawu akuti ndiwapeze masana ndikayese nsapato za kusukulu pa salaula, pa kaunjika paja. Agogo anati tikwere minibasi. Ine ndinkafuna njinga, ndipo ndinasankha kulankhula pampopi, pamene azimayi a mumzere wa nyumba zathu ankachapa.

"Agogo, njinga ilipo. Olo simungayende mweka ngati kulibe ba Mulenga? Muyopa?"

Azimayi aja anaseka mpaka wina kugwira m'chiuno. "Ba Jere, mwana wamigwilani lelo!" Agogo sanaseke. Anapukuta manja pa thalauza pang'onopang'ono, analowa m'nyumba, natuluka ndi njinga ndi kansalu koyala pa keliya. Anangoti, "Kwela."

Poyamba ndinasangalala, mphepo yozizira ikundimenya m'masaya, ndikubayibitsa anzanga ngati mkazi wa nduna. Koma titalowa mu Burma Road, hampu yoyamba tinaimenya ndi liwiro lonse, ndinadumpha pa keliya n'kudziluma lilime. Patsogolo pang'ono panali bambo wokankha wilibala yodzaza tomato, munthu woonekera patali, koma agogo anamulunjika mpaka atatsala pang'ono kumugunda, ndiye n'kukhota mwadzidzidzi. Bambo uja anatitukwana: "Iwe mudala, ulibe menso?" Agogo, amene sankalola kuti mawu awadutse osayankha, anangopitiriza kupalasa. Ndinawagwira m'chiuno ndipo ndinamva malaya awo atanyowa ndi thukuta, kunja kukuzizira chotero.

Tinaima pa maloboti a ku Kamwala, pakati pa utsi wa minibasi ndi anyamata ogulitsa zinthu m'mawindo. Agogo anatembenuza mutu pang'ono.

"Ene, yayaka iti? Yofiila olo ya gilini?"

Ndinaseka, poyesa ndi nthabwala zawo zija.

"Niuze, mwana!"

Mawu amenewo sindinawamvepo m'kamwa mwawo, anali onjenjemera. Ndinati ndi yobiriwira, ndipo tisanaganize zotsika, magalimoto a kumbuyo anayamba kuliza mahutala, n'kutikankhira kutsogolo ngati madzi a m'ngalande, mpaka pa buliji yodutsa pamwamba pa njanji. Pamenepo msewu ndi wopanikizika, kumanzere kuli konkire, kumanja magalimoto. Agogo anakwera chitundacho akupuma mokoka, ndipo titafika pamwamba, ndikuona denga la sitima pansi ndi nyumba zazitali za m'tauni kutsogolo, ndinayamba kulira.

"Agogo, tiseluke!"

"Apa sitingaime. Gwila maningi, osalila. Kusogolo niona chabe nkhungu, Ene. Iwe ndiwe menso, uziniuza."

Kenako njinga inayamba kutsetsereka yokha. Kumbuyo kwathu kunali chilole chonyamula simenti, pafupi moti kutentha kwa injini ndinkakumva pamsana, ndipo dalaivala anagona pa hutala osaichoka. Ndinasuzumira pansi pa mkono wa agogo. Kumunsi kwa buliji minibasi inaima mwadzidzidzi m'mbali mwathu momwemo kuti itole munthu, kondakitala akulendewera pachitseko. Ndinakuwa kuti aime, koma hutala ija inameza mawu anga, ngakhale ine mwini sindinadzimve. Agogo ankangopita, mutu uli chilili, kulunjika kumbuyo kwa minibasi ija ngati kuti msewu ndi woyera. Ndinaona zilembo za pagalasi lake zikukula. Sindikudziwa kuti nzeru inachokera kuti, koma masewera athu a abakha anandibwerera, ndipo ndinakunga chibakera n'kuwamenya pamsana kawiri, mwamphamvu.

Manja awo anafinya mabuleki nthawi yomweyo, monga anazolowera m'mawa uliwonse. Tayala linalira, njinga inapendama, la kutsogolo linagunda bampala ya minibasi ndipo tinagwera kumanzere, pa konkire. Chilole chija chinadutsa kumanja kwathu, matayala otalika kuposa ine, pafupi kwambiri moti ndinaona timiyala tokanirira m'mizere yake.

Koma chimene chimandidzutsa mpaka lero si chilolecho. Ndi agogo atagwada pa tala, akupapasa pansi ndi manja awiri, akuitana, "Ene! Ene, uli kuti?" pamene ine ndinali pomwepo, pafupi moti ndikanatha kuwagwira chipewa. Anthu anatizungulira, ena kutukwana dalaivala, ena kutukwana ife. Agogo atandipeza anandipapasa mutu, mikono, miyendo, ndipo atakhudza magazi a pabondo langa anatulutsa kaphokoso ngati ka mwana.

Njira yotsalayo tinayenda pansi, iwo akukankha njinga, ine nditagwira chiwongolero mbali inayo kuti ndiziwongolera m'chipwirikiti cha anthu. Ndi pamene anandiuza. Maso anayamba kuchita nkhungu zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo amene ankadziwa anali Ba Mulenga okha. Thumba loyera lija ankalimangira agogo, chinthu chimodzi chimene ankatha kuchiona mumsewu, ndipo belu lija linkalirira iwo.

"Osauza amai ako," anatero. "Bakaziba bazanipoka njinga, nchito izasila, bazanipeleka kumunzi nikankale chabe monga katundu. Wamvela, Ene?"

Ndinalonjeza. Kumsika amayi ataona bondo langa, agogo anati tangogwa pamchenga, ndipo ine ndinavomera ndi mutu. Nsapato ndinayesa zitatu, koma sindikukumbuka ngakhale mtundu wa imene tinagula.

Sabata imeneyo mantha anandidwalitsa. M'kalasi hutala ikalira kumsewu ndinkagwetsa pensulo. Chakudya ndinkangochisiya m'mbale, amayi mpaka anandigwira pamphumi kuyesa malungo. Madzulo ndinkaima pageti mpaka nditaona njinga zinayi zikukhota pakona, thumba loyera patsogolo, ndiye ndinkapuma. Masewera a abakha ndinasiya, ndipo mnzanga wina atayamba kuliza belu pakamwa ndinamukankha mpaka tinamenyana.

Lachinayi m'mawa belu silinalire. M'malo mwake kunabwera akazi a Ba Mulenga kudzanena kuti amuna awo apita ku maliro ku Kitwe, abwera sabata yamawa. Anzawo awiri aja, amene sankadziwa kanthu, anangokuwa ali mumsewu, "Muzatipeza kusogolo, ba Jere!" n'kupalasa. Ndinaona agogo akulowetsa miyendo ya thalauza m'masokosi, akutulutsa njinga, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Ndinaganiza za magalimoto a m'mawa othamangira ku Longacres, ndi agogo okha pakati pawo, opanda thumba, opanda belu, opanda wowamenya pamsana. Ndinathamanga n'kugwira keliya ndi manja awiri.

"Leka, Ene," ananong'ona. "Tinapangana."

"Amai!" ndinakuwa. "Amai, bwelani! Agogo saona! Saona, amai!"

Amayi anatuluka manja ali thovu lokhalokha. Anayang'ana ine, anayang'ana bambo awo, kenako anatola kapu yofiira imene inali pawindo n'kuikweza m'mwamba ali pakhomo pomwepo.

"Atate, nanyamula chani ku manja?"

Agogo anatsinzina, anasuzumira, anapendeketsa mutu. Kenako anasiya chiwongolero, njinga n'kutsamira pa ine, ndipo analowa m'nyumba akupapasa khoma, osabisanso.

Zimene ankaopa zinachitikadi, kupatula za kumudzi, zimene amayi anakana ngakhale amalume ankalimbikira. Njinga anaipachika kudenga la kashedi. Ntchito ya ku Kabulonga anapatsa munthu wina mwezi usanathe. Agogo ankakhala pa chitini chawo cha penti tsiku lonse, ndipo kwa masabata ambiri sanatchule dzina langa. Akafuna madzi ankauza amayi kuti, "Uza uja mwana." Zinandipweteka kuposa bondo, ndipo ndinkalira kuseri kwa nyumba, osadziwa ngati ndinawapulumutsa kapena ndinawapereka. Kuchipatala anati ndi ng'ala. Tinadikira miyezi yambiri dzina lawo lisanafike pamndandanda wa opaleshoni, ndipo anakonza diso lakumanja, lakumanzere linatsala ndi nkhungu yake.

Chaka chotsatira anapeza ganyu yodula kapinga ku Woodlands, ndipo njinga inatsika kudenga. M'mawa woyamba belu linalira pageti, zonyozana za mbewa ndi anyani zinayambiranso, ndipo ndinaona agogo akuika tayala lawo kumbuyo kwa thumba loyera lija, pamalo pawo pakale. Pakamwa panga, posaphunzira, panatseguka.

"Manje muona, agogo. Thumba ni ya chani futi?"

Anandiyang'ana ndi diso lawo latsopanolo, ndipo kanali koyamba kundimwetulira chichokere Lachinayi lija. Anawerama n'kulankhula motsitsa, ngakhale panalibe chifukwa chotsitsira.

"Iwe uganiza nenze kukuwila chani mu njila monse muja? Uja Mubemba samvela, Ene. Matu yanafa kudala. Motoka ingamukwele pamusana asanamvele hutala. Nikayenda neka, eve azayenda na ndani?"

Ba Mulenga anatiyang'ana akuseka, osamva kalikonse, n'kuliza belu kambirimbiri. Ananyamuka, ndipo asanafike pakona ndinamva mawu a agogo akukuwa za chimotoka cha kumbuyo.

Onse awiri anatisiya kalekale. Ine pano ndimakhala ku Chelstone, ndipo m'mawa ndikamapita ku ntchito pa kagalimoto kanga ndimakumana ndi ogulitsa makala, amene kuno timati malasha, akulowa m'tauni pa njinga, matumba atasanjikizana kuposa mitu yawo, ali mumzere mmodzi pambuyo pa mnzake. Sindilowa pakati pawo. Ndikafuna kukhota ndimadikira mpaka womaliza adutse, a kumbuyo kwanga alize mahutala mmene angafunire, chifukwa sindidziwa kuti mumzeremo ndani akuona ndi maso a mnzake. Koma ndikaona mdala ali yekha pa njinga, mutu uli chilili, minibasi itaima patsogolo pake, ndimabwerera pa buliji ya tsiku lija. Ana anga amandiseka, amati amayi ayambanso. Ndimazindikira mochedwa kuti ndakunga chibakera, ndipo ndamenya kale chiwongolero kawiri.