Diresi Loimira Pakhomo la Loja

Dzulo ndinagula juzi pa kaunjika, ndipo fungo lake linandibwezera ku Milange.

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, bambo anakhoma malata pa loja, sitolo ina yakale yopanda denga, n'kuyamba kugulitsamo zovala zatsopano zokhazokha. Chidole choonetsera zovala analibe, ndiye chidolecho ndinali ine. Loweruka lililonse ankandiveka diresi latsopano n'kundiimika pakhomo, azimayi akumandigwiragwira mpendero asanalowe kukagula.

"Zovala zovula ena tinazisiya kumsasa wa othawa nkhondo," ankatero bambo monyadira.

Kenaka mabelo a kaunjika, amene kwathu timati kalamidade, anadzaza msika wonse. Azimayi aja anayamba kumangodutsa.

Loweruka lina m'mawa ndinawapeza bambo atagwada kuseri kwa kauntala, akudula waya wa belo. Anasololamo kadiresi kachikasu kamakwinya, n'kukakutumula.

"Vala, mwanangu."

"Kakununkha munthu wina, ababa."

Sanandiyang'ane kumaso. Anandimanga mabatani a kumsana mpaka anafika pamene batani linathothoka.

"Ukaima pakhomopo," anatero motsitsa mawu, "uzitsamira khoma."