Sizoni imene a Eneya anasankhira Belita

Pamsika wathu, kunsi kwa phiri la Michesi, pali khonde limene ndakhala ndikusokerapo zovala zaka zambiri. Makina anga ali kumanzere kwa chitseko. Kumanja kunali tebulo la a Eneya, ndipo pamenepo pankakhala laputopu yothyoka pakona, batire la sola ndi mafoni a anthu ali ndandanda. Ntchito yawo inali yotchaja mafoni ndi kuika mafilimu m'mamemore khadi. Koma chimene anatchuka nacho ndi masizoni, mafilimu a zigawozigawo aja amene ukangoyamba kuonera, ndiwo zimapserera pamoto iwe uli pomwepo.

Kwawo kwa a Eneya n'ku Nazombe. Kuno anabwera chikamwini atakwatira Sellina, ndipo laputopu ija anawatumizira ndi mlamu wawo wa ku Joni. M'mawa ankagula bandulo n'kukwera kachitunda ka kuseri kwa msika, kumene netiweki imagwira bwino, n'kumakoka masizoni pa intaneti. Ena anali a ku Korea, ena a ku Turkey, ena a ku Nigeria, ndipo ambiri anali omasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni.

Munthuyu sankakupatsa sizoni asanaionere yekha. Ukafika n'kunena kuti akuikire ya nkhondo ija aliyense akuikamba, ankapukusa mutu. Ankati imeneyo imayamba bwino, koma pakati olemba ake anatopa, mpaka munthu amene tinamuika m'manda tonse tikuona anamudzutsa popanda chifukwa. Ina ya ku Turkey ankati anthu ake ntchito n'kuyang'anana, kuyang'anana kokhakokha mpaka batire kutha. Panali womasulira wina amene ankadana naye koopsa chifukwa ankaponya nthabwala zake ngakhale pamaliro. Akatha kunyoza zonsezo ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukuuza yokuyenera. Ndipo nthawi zambiri ankalasa.

Kulasako n'kumene kunayamba kundipatsa maganizo. Ine ndine telala, ndimadziwa kuti munthu sungamusokere chomukwana usanamuyeze. Nanga a Eneya anthu ankawayeza ndi chiyani? Mayi wina amene ana ake ankalimbirana munda anamupatsa sizoni ya abale okanganirana chuma cha masiye. Mtsikana wina wa kwaya anamupatsa ya mtsikana wobisa mimba, ndipo mvula isanagwe ndine ndemwe ndinamukulitsira diresi m'chiuno. Mwina zinangokumana. Koma mafoni a anthu onsewa ankaswera patebulo lija eni ake ali kumunda. Ambiri kuno foni sitikhoma, ndipo amene amakhomawo, nambala yachinsinsi anawaikira ndi a Eneya omwewo.

Kwathu kuno nkhani yolemera sitiinena maso ndi maso. Mkazi akafuna kulasa mnzake amayimba kanyimbo pochapa kumjigo, kapena amavala chitenje cholembedwa mawu n'kudutsa pakhomo pa mnzakeyo ngati akupita kwina. Mwini nkhani amamva. Choncho manong'onong'o atayamba akuti a Eneya amalankhula kudzera m'masizoni, palibe anaona chachilendo. Kunena zoona, ine sindinawaonepo akutsegula foni ya munthu. Komanso maso a telala amakhala pansingano, sangaone zonse.

Ndiye kunabwera nkhani ya Belita, mwana wa achemwali anga. Mwamuna wake Goliati ankagula nandolo ku Mozambique pa njinga yamoto, ndipo akapita ankatha masiku ali komweko. Akabwera, foni yake inkaswera kwa a Eneya. Tsiku lina la msika Belita anafika ndi memore khadi yake, nati akufuna yoseketsa chifukwa panyumba pakumusungulumwitsa. A Eneya anati zoseketsa zimene ali nazo n'zozizira, angotaya nazo nthawi. Anamuikira ya ku Korea, naiyamikira kuti nkhani yake siyenda mokoka ndipo mkazi wosewera m'menemo amadziwa kulira osatsegula pakamwa.

"Imeneyi, achemwali, ikukhudzani," anatero pomupatsa khadiyo.

Ine ndinaimitsa makina.

Sizoniyo inali ya mwamuna wamalonda amene ankapitapita ku tauni ina, kumene ankalipirira nyumba mkazi wina ndi mwana, mkazi wake wa kunyumba osadziwa. Belita anaonera zigawo zingapo, kenako anabwera kwa ine maso ali psuu. Anandifunsa ngati ndinamva mawu amene a Eneya ananena pomupatsa khadi, ndinati ndinamva. Anandifunsa ngati foni ya Goliati inali patebulo sabata imeneyo, ndinati inalipo, pakuti inalipodi. Ena amati ndikanamukhazika mtima pansi mwanayo. Ndikanamukhazika ndi chiyani? Funso lililonse limene anafunsa, yankho lake loona linali eya.

Belita anapita kukawafunsa a Eneya kuti anene zimene akudziwa. Iwo anaseka, nati ndi filimu chabe, anthu ake ali kutali ndipo Goliati sakumudziwa n'komwe. Kusekako kunangothira mafuta pamoto, chifukwa munthu wobisa kanthu naye amaseka choncho. Belita analunjika kwa malume ake, achimwene anga a Lekani, amene ndi nkhoswe ya banjalo. A Lekani anayamba akana, ati sangaitanitse mkamwini pabwalo chifukwa cha anthu a ku Korea. Belita anati mboni ilipo, ndipo anatchula dzina la a Eneya.

Uthenga utawapeza, a Eneya anabwera pamakina anga nkhope itagwa. Anandipempha kuti ndikalankhule ndi achimwene angawo asawaitane.

"Mayi Margret, ine foni ya munthu sindinaitsegulepo," anatero. "Anthu akangokhulupirira zimenezi, tebulo ili latha. Ndani angasiye foni yake kwa munthu wosuzumira?"

Ndinawayankha kuti ngati sakudziwa kanthu akanene okha pamaso pa ankhoswe, mawu a mwini wake ndiwo amamveka. Mumtima ndinkati tione.

Tinakumana Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango kwa a Lekani. Goliati anabwera ndi nkhoswe yake, ali wosekaseka, malaya atapisira. Nkhani itayalidwa anakana mosavutika. Anati ku Mozambique amagona pamatumba a nandolo, udzudzu ukumudya, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti thukuta lake likulipidwa ndi mabodza a m'mafilimu. Analankhula bwino moti ine ndemwe ndinayamba kuona ngati tamulakwira mwana wa eni.

Akali pakati polankhula, a Eneya anatulukira akukankha njinga, chikwama cha laputopu chili kumsana. Pambuyo pake anatiuza kuti anaitenga kuti aonetse akuluakuluwo kuti nkhani yonse ndi sewero chabe. Koma Goliati sankadziwa zimenezo. Anafunsa kuti awa awaitana ndani, ndipo a Lekani anayankha kuti ndi mboni. Goliati anayang'ana chikwama chija nthawi yaitali. Kuseka konse kunathera pomwepo.

"Musavutike n'kutsegula chimenecho, achimwene," anatero Goliati, a Eneya asanakhale n'komwe pansi. "Ndinena ndekha."

Ananenadi. Kutsidya kwa malire kunali mkazi, ndipo kunali mwana amene anali atayamba kale kuyenda.

Belita sanalire. Anangomanga chitenje chake mwamphamvu n'kuyang'ana kuphiri. Amene anaoneka ngati agwa ndi a Eneya. Anaima kukamwa kuli yasa, akubwereza kuti iwo samadziwa, samadziwa chilichonse. Tonse tinagwedeza mitu monga timachitira munthu waulemu akamakana kuyamikiridwa. A Lekani mpaka anawathokoza, ati mkamwini wanzeru amatero, amachenjeza mudzi popanda kutchula munthu dzina. Nkhani ya banjalo inakambidwa kangapo pambuyo pake koma siinakonzeke, ndipo nandolo asanathe m'minda Goliati anamanga katundu wake panjinga n'kuchoka pamudzi.

Mbiri inafika pamsika ife tisanafike. Amuna anabwera mmodzimmodzi kudzatenga mafoni awo, ena asanadzaze n'komwe, aliyense ndi chifukwa chake. Wina ati akudikira uthenga wa maliro, wina ati wagula kasola kake. Ngakhale akuluampingo amene tinkawayesa oyera anatenga awo mofulumira kuposa anzawo, ndipo ine ndinawaona ndi kuwasunga mumtima. Onse anayamba kukatchajitsa kugolosale ya kutsidya kwa mlatho, kwa munthu wosadziwa kuwerenga bwino.

Akazi okha ndiwo anapitiriza kubwera, koma sankabweranso kudzafuna chosangalatsa. Mayi ankaika khadi patebulo n'kunena motsitsa mawu kuti amuikire yomuyenera, maso ali pankhope pa a Eneya ngati ali kwa sing'anga. Akamupatsa ya chikondi, ankapita kukaunguza m'matumba a mwamuna wake. Akamukaniza, ankati ndiye kuti zake n'zoopsa zosaneneka. A Eneya anayesa kuthawira ku mafilimu a nyama zakutchire, poganiza kuti m'menemo mulibe banja la munthu. Mayi wina ataona afisi akuzungulira khola anasamukira kwa mng'ono wake, akuti wachenjezedwa za ufiti wa pakhomo pake.

Zitatero a Eneya anatseka pakamwa. Munthu akafunsa kuti yabwino ndi iti, ankangomutembenuzira laputopu kuti asankhe yekha. Sankanyozanso omasulira, sankadandaulanso za akufa odzutsidwa. Khonde linazizira, ndipo ine ndinazisowa zonyoza zawo zija, pakuti ndizo zinkandifupikitsira tsiku. Sellina anandiuza kumjigo kuti kunyumba nako saoneranso kanthu, amangokhala panja mpaka chakudya chipse.

Masana ena, msika utaphwa, a Eneya anandiyankhula osandiyang'ana. Anati sizoni ya ku Korea ija, chakumapeto kwake zimadziwika kuti mkazi wa ku tauni uja anali wamasiye wa mkulu wake wa mwamunayo. Mwamunayo ankamuthandiza mobisa chifukwa cha lonjezo limene anapanga pamaliro, ndipo banja lake silinathe. Anati anamusankhira Belita chifukwa mathero ake ndi okoma kuposa masizoni onse amene anali nawo, ndipo akanaimaliza akanagona mtima uli m'malo. Anati ngati ndikukayika andiikire chigawo chomaliza ndidzionere ndekha.

Ndinawamvera chisoni, chisoni chenicheni. Ndinaona munthu amene ankangokonda nkhani zabwino ndi kufuna kuti anzake azikonde naye. Koma mutu wa munthu ndi wovuta. Pomwepo ndinaganizanso kuti wochenjera weniweni akhoza kusankha dala sizoni ya mathero otero, kuti zikavuta adzakhale ndi pothawira.

Tili chomwecho foni yanga inalira kuti moto watsala pang'ono. A Eneya anatambasula dzanja mwachizolowezi, monga ankachitira zaka zonsezi.

"Bweretsani, mayi, malo alipo ambiri."

Malo analipodi, mawaya onse anali lendelende opanda foni ndi imodzi yomwe. M'foni mwanga mulibe chobisa, muli miyeso ya makasitomala ndi mauthenga a ana anga basi. Komabe ndinati motowo undifikitsa kunyumba, ndipo ndinaipisa m'chitenje n'kumanga mfundo. A Eneya anayang'ana mfundoyo, kenako anandiyang'ana ine. Anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kuyamba kukulunga mawaya aja limodzilimodzi. Mawa lake tebulo silinatuluke.