Tambala pa Boti la ku Kariba

Ndikukumbukira kuti mpaka ndikufika giredi sikisi, bambo anga ndi agogo Nachisale, omwe anabereka amayi, anali asanayang'anizanepo m'maso. Si kuti ankadana, ayi ndithu. Unali ulemu wa upongozi umene agogo anabwera nawo kuchokera ku Dedza. Tikapita kukawaona ku famu ya kufupi ndi Chegutu, bambo ankakhala pampando pabwalo, agogo ali kuseri kwa nyumba, malonje n'kumadzera mwa amayi. Akakumana panjira, agogo ankapatukira patchire, kaya pali chisoso kaya minga. Za kudyera pamodzi ndiye musanene n'komwe.

Ife ana zinkatiseketsa, mpaka agogo aamuna atamwalira. Nyumba ya pafamu inali ya ntchito, mwini wake anaifuna. Agogo Nachisale anakapezeka okha m'kachipinda ka lendi ku komboni ya Pfupajena, ku Chegutu komweko, kodontha, miyendo ikutupa. Kwathu ku Ingezi, ku Kadoma, chipinda chinalipo, koma anakanitsitsa. "Nyumba ya khomo limodzi, ine ndi mkamwini? Ndizikathawira kuti?" Amayi ankabwerako ku Chegutu maso ali psuu, ndipo ine ndinkaopa kuti agogo adzafera m'kachipindako popanda wowapatsa madzi.

Disembala wa chaka chimenecho kunabwera amalume a Lameki, achimwene awo a amayi, omwe ankagwira ntchito ku migodi ya ku Botswana. Munthu wokonda kuonekera ameneyo! Anachita hayala boti ku nyanja ya Kariba kuti banja lonse likapukute misozi. Tinadzaza basi, azakhali, asuweni, makanda, n'kudzera ku Chegutu kutenga agogo. Bambo anakhala kutsogolo, agogo kumbuyo kwenikweni. Pansi pa mpando wa bambo panali katoni yomanga ndi chingwe, yobowolabowola. Anati muli zowedzera nsomba. Ife tinangoyang'anizana, chifukwa mbedza sizipalasa.

Boti lake linali la nsanjika, loyera mbee. Kunkatentha koopsa, mphepo ikununkha dizilo ndi nsomba. Mitengo youma inali chiimire m'madzi, mvuu zikufwenthera chapatali, ndipo asuweni anga ankakuwa m'Chishona akaona njovu kumtunda. Dzuwa lili paliwombo ophika anayala chakudya pamwamba, pamthunzi: nsima imene kuno timati sadza, mpunga, nsomba zokazinga zonona, matemba, kabichi wothira mayonezi, zakumwa zozizira mpaka mano kuwawa. Tebulo linali limodzi, lalitali, lokhomerera pansi ndi misomali.

Apa ndi pamene amalume anazindikira zimene anaiwala. Boti lilibe kuseri. Agogo anazungulira uku ndi uku, kufuna kotsikira, ophika n'kuwabweza mwaulemu kuti kukhitchini alendo saloledwa. Basi anakakhala pansi pakona, kuyang'ana kumadzi, atafunda chitenje kumutu. Chichokereni ku Chegutu anali asanalawe kanthu, poti mkamwini anali m'basi momwemo. Ndipo wamkulu asanasambe m'manja, ndani akanayamba kudya? Tinangokhala, mimba zikulira, ntchentche zikutidyera nsomba.

Bambo anga sanali munthu wophethira. Anadzuka, kutsika, n'kubwera ndi katoni ija. Anagwada chapatali, n'kulankhula kwa amalume, monga mwambo unkafunira.

"Alamu, auzeni amayi kuti ndakhala pabanja pano mpaka ana akula. Kwathu mkamwini wotere amapereka nkhuku, apongozi akalandira, manyazi amatha, anthu n'kumadyera limodzi. Nkhuku yake ndi iyi."

Agogo anayankha osatembenuka. "Lameki, uwauze kuti za mwambo sizichitikira pamadzi."

Amalume, pofuna kuonetsa kuti nkhuku yake ndi yooneka, anamasula chingwe. Kalanga ine! Tambala wofiira amene anaphikika ndi kutentha ulendo wonse anatuluka ngati wapsa mchira. Anatera patebulo, kuponda m'kabichi, kugwetsa botolo, azakhali n'kukuwa. Amalume anamudumphira, kumuphonya, buluku lawo loyera n'kukhala m'supu. Tambala uja analunjika kuchitsulo cha m'mphepete, kuseri kwake kuli madzi ndi ng'ona. Ndinadziwa kuti tambalayo akagwera m'menemo, agogo abwerera ku Pfupajena.

Koma agogo anakalambira m'makola a nkhuku a pafamu. Dzanja linangotuluka lokha m'chitenje, gwii, miyendo yonse iwiri. Tambala anali lende, mutu pansi, akukupiza mapiko. Chitenje chinagwa. Agogo anapezeka atatembenuka, maso ndi maso ndi bambo, omwe anali chigwadire.

Bambo sanawerame. Anaomba m'manja katatu, n'kunena okha, osadzera mwa munthu: "Amayi, mwalandira."

Agogo anayang'ana tambala, anayang'ana bambo. Anawayang'anitsitsa, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano, ngati akusankha nsalu pamsika. Kenako anati, "Kani muli ndi mpata m'mano? Ndiye ana onsewa anatengera inu!"

Tinaseka mpaka misozi, ndi ophika omwe, amene sankamva n'Chichewa chomwe. Amayi okha ndiwo ankalira zenizeni. Bambo anatenga jagi n'kuwathirira agogo madzi m'manja, n'kuwakhazika pampando woyandikana nawo. Agogo anadya mwamanyazi poyamba, kenako anabudula mutu wa nsomba yaikulu n'kuika m'mbale ya bambo. Chakudya chinali chitazizira, kabichi tinataya, koma sindinadyeponso nsomba yokoma ngati ya tsiku limenelo. Tambala anagona m'katoni, ndipo anabwerera nafe ali pamiyendo pa agogo.

Sukulu zisanatsegulidwe, bambo anabwereka lole n'kukatenga katundu wa agogo ku Pfupajena. Anakhala nafe ku Ingezi mpaka tsiku lawo. Anthu amene kale sankayang'anizana anasanduka okangana tsiku ndi tsiku, za mchere wa m'ndiwo, za wailesi, za mmene bambo ankalimira dimba molakwika.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mkamwini wanga akafika amandikumbatira, n'kutsegula firiji asanakhale n'pansi pomwe, ndipo ine sindiona vuto, ndimamukonda mwana ameneyo. Ndikawafotokozera adzukulu anga za kuthawira patchire amaseka, n'kundiyankha m'Chingerezi. Aziseka, nanenso ndinkaseka. Chimene sindiwauza kawirikawiri n'chakuti agogo atagonekedwa m'chipatala komaliza, anakana phala kwa anamwino, anakana kwa amayi, anakana kwa ine. Ankangoyang'ana kukhomo mpaka bambo aweruke kuntchito, adzagwire supuni.