Tsiku Limene a Domingo Anatentha Munda Wawo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kutentha mudzi wathu. Tinkakhala kufupi ndi Molumbo, patangopita zaka zochepa chibwerereni kuchokera ku Malawi kumene makolo anga anathawira nkhondo. Nyumba zonse zinali zaudzu, ndipo chaka chimenecho n'chimene nkhokwe zambiri zinadzaza koyamba.

Kumapeto kwa mudzi kunkakhala a Domingo, bambo wamtali wosakonda kulankhula, wopanda mkazi kapena ana. Iwo sanathawe nawo nkhondo. Akuluakulu ankanong'onezana kuti anali m'gulu la anthu a mfuti kutchire, ndipo ife ana tikawaona akubwera tinkapatuka. Moni ankapatsidwa, koma paukwati sankaitanidwa.

Tsiku lina mu Okutobala, amayi akunyamuka kupita kumsika, anandiuza kuti, "Marita, ukatenthe milu ya mapesi kumunda. Upite m'mawa uno, mphepo isanayambe."

Ine ndinatanganidwa ndi phada. Pofika kumunda dzuwa linali paliwombo, dothi likuotcha mapazi. Munda wathu unali m'munsi mwa phiri, ndipo pakati pa mundawo ndi mudzi panali nkhalango ya misuku ndi nsungwi, udzu wake wautali kuposa munthu. Ndinayatsa mulu woyamba. Usanathe n'komwe, mphepo inanyamula phesi loyaka n'kukaliponya muudzu. Ndinathyola nthambi n'kuyamba kumenya motowo, koma ndikazimitsa apa unkabuka apo. Nsalu yanga ya kapulana itayamba kununkha kupsa, ndinataya nthambiyo n'kuthawa. Ndinazungulira kumtsinje, n'kufika kunyumba, osauza munthu.

Posakhalitsa wina anayamba kumenya chitsulo cha ku eskola, sukulu yathu. Utsi unali utaphimba phiri, phulusa likugwa pabwalo. Azimayi ankatulutsa mphasa ndi miphika, ana tikumasula mbuzi. Amuna amene anathamangira kunkhalango ndi nthambi anabwerera akutsokomola, maso ali psuu. Nsungwi zinayamba kuphulika motsatizana, ndipo ndinaona azakhali anga, amene anamvapo mfuti zenizeni, atakhala pansi atagwira makutu.

Apa m'pamene ndinamva mawu a a Domingo akukuwa koyamba m'moyo mwanga.

"Usiyeni uko, simungauthe! Tengani makasu, bwerani munjira ya kuchitsime!"

Anthu anayang'anana. Bambo anga ndi amene anayamba kutola khasu, ena n'kutsatira. Njira ya kuchitsimeyo inkadutsa kuseri kwa nyumba zomalizira, ndipo tsidya lake kunali munda wa nandolo wa a Domingo, wochita malire ndi nkhalango. Nandoloyo anali atauma, akungodikira kuthyola. Amuna analambula njirayo mwaliwiro, kuikulitsa mpaka pamatha kudutsa ngolo.

Kenako a Domingo anazula mtolo wa udzu, anauyatsa, n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa njira akutentha munda wawo.

"Mwaona? Anazolowera kutentha ameneyu!" bambo wina anakuwa.

"Asiyeni, ndi munda wawo," anatero bambo anga.

A Domingo sanacheuke. Anangoti, "Moto waukuluwo ukafika pano upeze palibe choti udye. Inu yang'anirani zothetheka zisalumphe njira."

Tinaima pamzere, azimayi ndi ana, ena ndi ndowa za madzi, ena ndi masamba a nthochi. Moto wawowo unkayenda pang'onopang'ono kulowera kunkhalango, nandolo akuthetheka, fungo lake ngati wina akukazinga. A Domingo ankathamanga uku ndi uku pamene pankafuna kuwapulumuka. Moto waukulu unatulukira m'mitengo ukulira ngati mvula yamkuntho. Kutentha kwake kunatibweza m'mbuyo. Koma utafika pamene panali patapsa kale unagwa, unangotsala kunyeka m'zitsa. M'mudzi monse munapsa khitchini imodzi yokha. A Domingo anapsa mkono wamanja kuyambira pachigongono.

Mawa lake a sekeretari a mudzi wathu anaitanitsa msonkhano n'kufunsa amene anayatsa motowo. Kenako manong'onong'o anayamba: mwina ndi a Domingo omwewo, kufuna kuti anthu awatame. Iwo anali atakhala kumbuyo, mkono atakulunga ndi nsanza. Anamva. Anadzuka mwakachetechete n'kumapita. Ine ndinali pambali pa amayi, ndikujambula pansi ndi kamtengo.

Panapita masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinawauza amayi zonse tili kuchitsime. Anatula ndowa n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Sanandimenye. Anandigwira padzanja mpaka kwa a Domingo.

Tinawapeza pakhonde akuyesa kusenda chinangwa ndi dzanja lamanzere. Amayi anagwada, ine ndinagwada kumbuyo kwawo n'kunena zonse, ndikulira.

"Unayatsa nthawi yanji?" anafunsa.

"Masana, bambo."

"Unalambula mozungulira mulu?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu. "Ndinakuona ukuthamanga kumtsinje tsiku lija. Ndinati mwanayu abwera yekha."

Amayi anawafunsa chifukwa chimene sananenere pamsonkhano. Anayankha kuti, "Ine andinena zambiri, mayi, msana unalimba. Uyu akanamunena mpaka kukula."

Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi, bambo anga anandiimika pamaso pa anthu onse ndipo ndinaulula. Sabata imeneyo mabanja ambiri anapititsa nandolo kwa a Domingo, uyu lichero, uyu dengu. Ena sanapite, ndipo bambo amene anakuwa uja sanapepese. Chilango changa chinali kukalima kwa a Domingo mpaka mkono wawo utapola. Kumeneko anandiphunzitsa kuwaza fumbi m'mwamba kuti ndione kolowera mphepo, kulambula kaye ndisanayatse, ndi kusachoka pamoto mpaka phulusa litazizira. Zimene anachita kapena kuchitiridwa nthawi ya nkhondo sanandiuzepo, inenso sindinafunse.

Lero ndine mphunzitsi m'tauni ya Milange, ndipo a Domingo anamwalira kalekale. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti cholakwa changa chachikulu chinali kuyatsa moto masana. Tsopano ndikuona kuti icho chinali chibwana chabe, chimene mwana aliyense akanachita. Chimene chimandipwetekabe ndi msonkhano uja. Munthu anataya chakudya chake cha chaka chonse kuti nyumba zathu zisapse, anthu anamunamizira ine ndikumva, ndipo iye anatuluka yekha pamene mawu anga awiri okha akanamukhazika pansi. Iye ankadziwa kuti ndine, koma anandidikira masiku atatu.