Mwamuna wa Keziah Amene Sanabadwe

Keziah Tranter, mayi wochapa zovala amene ndinayandikana naye nyumba ku Launceston, anafika kuno kuchokera kutsidya kwa nyanja pa chombo cha akaidi aakazi m'chaka cha 1838, atagamulidwa zaka khumi ndi zinayi chifukwa choba nsalu. Ndinene mwaulemu kuti mlandu umene unamuzunza kwambiri sunali umenewo.

Ali panyanja, akaidi anzake anamulangiza kuti mkazi wokwatiwa amalemekezedwa, ndipo amatumizidwa kukagwira ntchito m'mabanja abwino. Choncho kalaliki atamufunsa padoko, Keziah, amene anali mbeta, anayankha kuti anasiya mwamuna kwawo, dzina lake Jabez. Kalaliki analemba m'buku.

Patapita zaka zinayi, Enoch Sallis, wocheka matabwa, anamufunsira. Mkaidi sakwatiwa popanda chilolezo cha boma, ndipo ukwatiwo ukanachotsa Keziah m'manja mwa mabwana amene ankawatumikira. Pempho lawo linakanidwa kawiri. Kachitatu anapita iwo eni ku ofesi, ine ndikuwaperekeza.

"Mayi, tipatseni kalata ya imfa ya Jabez," anatero kalaliki.

"Bwana, munthu ameneyo sanafe."

"Ndiye mwadzatani kuno?"

"Sanafe chifukwa sanabadwe! Ndinachita kumupeka ndekha pamadzi paja."

"Aa, inu a m'chombo! Mwamuna akakukwanani mumati sanabadwe. Dzulo kunabwera mnzanu, akuti wake anadyedwa ndi nkhumba."

"Ingomuphani ndi cholemberacho, bwana," anachonderera Enoch. "Si inu nomwe munamubereka?"

Kalaliki sanaseke. Anafotokoza kuti ngati Jabez alipo, ukwati sungatheke. Ngati palibe, Keziah ananamiza boma. Keziah anaumirira kuti ananama. Anamumeta tsitsi, namutsekera miyezi itatu m'nyumba ya akaidi aakazi. Koma buku silinasinthidwe, pakuti, iwo amatero, mawu a munthu wovomera yekha kuti ndi wabodza sangakhale umboni.

Enoch anapirira zaka zina ziwiri. Analembera m'busa wa kwawo kwa Keziah, amene anayankha moona kuti dzina la Jabez mulibe m'kaundula wa anthu omwalira. Kwa aboma, zimenezi zinatanthauza kuti Jabez akali moyo. Pamenepo Enoch, amene anali atapeza malo kutali kumapiri ndipo ankasowa womuthandiza, anakwatira mkazi wamasiye, amene mwamuna wake anaikidwa m'manda anthu akuona.

Keziah anamaliza zaka zake zonse akutumikira m'nyumba za eni. Anamasulidwa ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo palibe amene anamufunsiranso.