Malo Anga ku Mombasa

Amuna anga anamwalira mvula yoyamba itangogwa, zaka zija kwacha inkagwa, mtengo wa sopo ku Songani n'kumasintha sabata ndi sabata. Anali mmisiri wa matabwa. Ine n'kuti ndagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri m'nyumba ya azungu ena ku Domasi. Abwana ankaphunzitsa pa koleji, adona ankakhala pakhomo ndi kamwana kawo kakakazi. Ndinkachapa, kusita, kukolopa ndi kubereka mwanayo. Kuyenda anaphunzirira pa chitenje changa.

Kwathu kuno wantchito wa m'nyumba akaferedwa sasiya malo ake opanda munthu. Umaikapo m'bale wako kuti akugwirizire, apo ayi pobwera upeza mlendo wavala epuloni yako. Ine ndinaikapo mng'ono wanga, chitsirizira cha amayi. Iye anafika Sitandade 8 ndipo Chingerezi ankachimva. Ine ndinalekezera Sitandade 3. Ndinamulangiza ndekha kuseri kwa nyumba ya maliro.

"Malaya a abwana uziyambira kolala. Madzi a mwana uziwiritsa. Ukaswa kapu unene, usakabise ku dzala."

"Ndamva, achemwali. Inu lirani bwino, malo anu muwapeza."

Ndinabwerera kuntchito patatha mwezi, nditavala zakuda. Adona anati tikhale tonse awiri kaye mpaka ndipeze mphamvu. Ndinathokoza.

Tsiku lina m'mawa anandiitanira pakhonde. Anali ndi kalata yochokera kwa mnzawo wa ku Mombasa, ku Kenya, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere kumene azungu amapita kukasambira. Kontirakiti ya abwana inali pafupi kutha, ndipo anali atapeza sukulu ina kumeneko. Mnzawoyo anali atalemba zonse zimene banja lachizungu limawononga pamwezi, ndipo adona ankandiwerengera m'Chichewa chawo chodukaduka, chala chili papepala.

"Nyumba, pafupi madzi. Magetsi. Nsomba, tsiku tsiku. Mayi, onse wotchipa!"

Anatchula ndalama zake m'makwacha kuti ndimve. Nyumba yokhayo, mwezi umodzi, inkaposa zimene ine ndinkalandira chaka chathunthu. Panalinso mzere wa chakudya cha galu, chonsecho galu analibe, ankati akagula konko. Ndinangoti, "Zoonadi adona, n'zotchipa."

Kenako chala chinafika pamzere wotsiriza. "Apa, wantchito mmodzi. Chipinda yake, chakudya yake. Ine ndifuna inu. Mupita?"

Mtima wanga unati inde nthawi yomweyo. Kuno kunalibenso chondigwira. Ana Mulungu sanatipatse, ndipo nyumba yonse inkanunkhabe utuchi wa amuna anga. Koma mkazi wamasiye sanyamuka yekha. Mpaka akuchimuna akusudzule, ndiye kuti akumasule pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, umakhalabe mkazi wa malemu, ndipo sungawoloke malire a dziko ngati nkhuku yopanda mwini. Choncho ndinayankha monga ndinaleredwera.

"Ndikafunse kaye kwa eni ake a malemu."

Ndinkaganiza kuti munthu aliyense akamva mawu amenewa amadziwa kuti wavomera, changotsala n'kudikira. Adona anangogwedeza mutu n'kupinda kalata ija.

Loweruka lomwelo ndinayenda wapansi mpaka kwa Malemia, kwa alamu anga, akulu awo a malemu. Ndinawapeza akupalira chimanga. Ndinagwada m'mphepete mwa mzere n'kufotokoza.

"Ku Kenya? Alamu, dothi la pamanda silinaume, inu mwayamba kale kulota ndege?"

"Si ndege ayi, alamu. Ndi ntchito."

"Ntchito ya kunyanja timaidziwa. Mukabwere mutavala kabudula ngati adona anuwo." Anaseka okha. "Kusudzula kumafuna anthu adye. Tidye chiyani mwezi uno, ngaiwa? Tikakolola. Komanso macheka ndi mapuleni opalira matabwa a mng'ono wanga aja sitinawaonebe kuno."

Zipangizozo ndinawatumizira mawa lake, ndi njinga yomwe. Tsiku sanalisunthe. Anati tikakolola basi.

Kuntchito sindinanene kanthu, ndinkadikira kuti adona andifunsenso. Sanandifunse. Mwezi wa Febuluwale ndinaona mng'ono wanga akupesa tsitsi Lachiwiri, wavala diresi la kutchalitchi. Abwana ankapita naye ku Blantyre kukajambulitsa ndi kukalembetsa pasipoti. Ndinamutsatira ku mpopi.

"Iwe, ukupita kukatani ku Blantyre?"

"Adona anati inu munakana, achemwali. Anati mwasankha kukhala ndi abale a alamu."

"Ndinakana liti? Ndipo iwe sukanawauza mwambo wathu? Chingerezi chako chija n'chantchito yanji?"

"Nanga iwo angadikire kukolola? Ndege sidikira chimanga. Ndikapanda kupita ine atenga wa konko. Ndikukugwirizirani malo, monga munandiuza."

Anapita mu Malichi. Katundu wawo ndinalongedza ndine, ndi zovala za mwana zomwe. Ine anandisudzula mu Juni.

Makalata a mng'ono wanga anayamba kubwera kudzera ku sukulu ya kwathu. Ndimawerenga pang'onopang'ono, choncho liwu lililonse linkandilowa bwino. Ankati chipinda chake chili ndi fani ya kudenga ndi bafa lakelake. Ankati nkhanu za kumeneko n'zazikulu ngati mbale, ndipo zotsala patebulo amadya iye. Madzi a nyanjayo m'mawa amathawa kutali, masana n'kubwerera. Mpunga amaphikira mkaka wa kokonati. Adona akuti kumapeto kwa mwezi uliwonse amakhala ndi pepala lija n'kumadandaula kuti mnzawo anawanamiza, zinthu n'zodula, magetsi okha akuwamaliza chifukwa cha makina oziziritsa m'nyumba. Koma galu anagula.

Ine nthawi imeneyo ndinkagulitsa zitumbuwa pa siteji ya minibasi ku Naisi. Ndikamva kuti adona akudandaula ndinkakondwa pang'ono, sindibisa.

Kenako kunabwera chithunzi. Mng'ono wanga waima pamchenga woyera, wanenepa masaya, wabereka mwana uja ndi nsalu ya kumeneko. Mwanayo n'kuti ali wamkulu woti sangafunenso kuberekedwa, koma anali atagoneka tsaya paphewa pake, monga ankachitira kwa ine. Amayi anatenga chithunzicho n'kuyenda nacho mudzi wonse. Kumpingo amayi anzanga ankandigwira mkono.

"Koma mng'ono wanu uja ndiye wadalitsika! Mwachita bwino kumuganizira."

Ndinkati, "Zikomo, ndi chisomo." Pobwerera kunyumba ndinkadzera njira ya kudambo kuti ndisakumanenso ndi wina wondiyamikira.

Mng'ono wanga ankatumiza ndalama za amayi m'dzina langa, ndipo ndinkazipereka zonse. Ananditumiziranso nsalu ziwiri. Sindinazivale. Ndinkaona ngati wandigulira ndi malipiro anga omwe.

Chaka chitatha ndinagula pepala ndi envelopu ku Songani n'kulembera adona. Sindinafune kuti mphunzitsi aliyense adziwe za m'mtima mwanga, ndiye ndinalemba ndekha m'Chichewa, masiku atatu. Ndinati tsopano ndine womasuka, sindinakane konse, malowo ndi anga, mng'ono wanga anangondigwirizira. Ndinawonjezanso zina zimene sindinayenera kulemba. Ndinati mtsikanayo ndi waulesi kuyambira ali mwana, amabisa zimene waswa, ndipo pa nkhani ya amuna amafunika kumuyang'anira. Za ulesizo zinali zoona pang'ono. Zinazo ndinangopeka.

Chimene sindinaganize n'chakuti adona Chichewa ankangochilankhula, kuwerenga zolemba zanga zokhotakhota sakanatha. M'nyumba monsemo, mwina mu mzinda wonsewo, woti awawerengere anali mmodzi yekha.

Yankho linabwera patatha miyezi iwiri, m'zolemba za mng'ono wanga. Linali lalifupi.

"Achemwali, kalata yanu ndawawerengera adona yonse, sindinadumphe mzere. Pa za amuna paja anaseka. Akuti moyo wa kuno wawadulira, awiri sangakwanitse, ndipo mwana wazolowera ine. Anandifunsa ngati ndikufuna kubwerera kumudzi kuti inu mubwere. Ndinati ayi. Moni kwa amayi."

Ndinaiwerengera pa siteji pomwepo, beseni la zitumbuwa lili pamiyendo. Kondakitala wina anandifunsa kawiri mtengo ndisanamumve.

Kuyambira mwezi umenewo ndalama za amayi zinayamba kudzera kwa mkulu wa mpingo. Mng'ono wanga sanandilemberenso. Anakhala kumeneko zaka zina zinayi, mpaka azunguwo anabwerera kwawo, ndipo anabwera ndi makina osokera ndi malata a nyumba yake. Timalankhulana, pamaliro timakhala mphasa imodzi, odwala timayendera limodzi. Za kalata ija sanazitchulepo, inenso sindinapepese. Ndimafuna kupepesa, koma akangoyamba kufotokozera anthu za nyanja yamchere ija, ndimadzuka n'kukaona mbuzi.